Tiyeni Timange Bwalo la Njanji la pa Fakitale

M'phunziro lathu la nchito zamanja lero tidzamanga kanjanji kokwana pa thabwa limodzi. Ambiri a inu mudziwa kale kupinda waya ndi kupanga galimoto yoyenda, yokhala ndi ciongolero cace comwe. Manja omwewo ndiwo adzagwira nchito ya lero, koma tidzawapatsa anzao awiri, rula ndi masamu. Tidzamanga bwalo laling'ono la pa fakitale, kumene ngolo za katundu zimasankhidwa ndi kuikidwa mu mndandanda sitima isananyamuke.

Nchito ya pa bwalo la njanji

Mukaima patali ndi kuona sitima ya katundu iri kudutsa, mungaganize kuti ngolo zace, zimene ena amazicha mabogi, anangozilumikiza cisawawa. Si tero ai. Ngolo iri yonse iri ndi kumene ipita, ndipo anaiika pa malo poti adzathe kuimasula msanga pofika kumeneko. Tsono taganizani bvuto la anthu okonza mndandandawo. Ngolo iribe injini, siingadziyendetse yokha. Ndi yolemera, siinganyamulidwe ndi manja. Ndiponso siingalambalale inzace monga icitira galimoto pa mseu, pakuti magudumu ace ali ndi mkombero m'kati umene umagwira njanji, cotero kumene njanji ipita ndiko ngolo ipita. Njira iripo imodzi yokha. Injini ikoke ngolo, ibwerere nazo, izikankhire ku nthambi ina ya njanji, izisiye kumeneko ndi kukatenga zina. Nchito imeneyi anthu a pa njanji amaicha shanting'i, liu locokera ku Cingerezi.

Pamene njanji igawikana pali zitsulo ziwiri zosongoka ngati malilime, zimene zimasendezedwa uku ndi uku. Akazisendeza, mkombero wa gudumu umatsata lilime ndi kulowa nthambi imene asankha. Malo amenewa amachedwa mapointi, koma ife m'phunziro lino tidzati mphambano.

Njanji za dziko lathu zinabwera makamaka cifukwa ca migodi. Ulalo wa pa mathithi a Victoria Falls unatha kumangidwa mu 1905. Mu 1906 njanji inafika ku Kabwe, kumene masiku amenewo kunali kuchedwa Broken Hill, ndipo kunali mgodi wa mtobvu ndi zinki. Mu 1909 inadutsa Ndola ndi kufika m'malire a dziko la Congo. Pambuyo pace, mu 1975, inatha njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, yocokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku doko la Dar es Salaam, kuti mkuwa wathu upeze njira ina yopitira ku nyanja. Kucokera pa njanji zazikuluzi anamanga tinthambi tolowa m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu. M'tinthambi timeneti ndimo muli nchito imene tifuna kuiphunzira. Ngolo ya malasha ikatsekeredwa kumbuyo kwa zinzace, ng'anjo ya fakitale imazirala, ndipo anchito ambiri amakhala manja lende kudikira ngolo imodzi.

Kumene masewerawa anacokera

Ku Britain ndi ku maiko ena kuli anthu, akulu ndi ana omwe, amene amakonda kumanga tinjanji ta m'nyumba. Tisitima tao tambiri timayenda ndi magetsi ocepa odzera m'njanji momwemo. Muyeso wofala ku Britain umachedwa OO. Pa muyeso umenewu kanthu kali konse kamacepetsedwa ka 76, ndipo pakati pa njanji ziwiri pali mamilimita 16.5. Yerekezani ndi njanji zathu zenizeni, zimene pakati pace pali mamilimita 1,067.

Si onse ali ndi cipinda cacikuru coyalamo njanji yaitali. Cifukwa cace ena anayamba kumanga bwalo lokha la shanting'i. Mu 1972 John Allen wa ku America anaonetsa kabwalo kace kochedwa Timesaver. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Alan Wright wa ku England anamanga kena pa thabwa lotalika pang'ono kuposa mita imodzi, nakacha Inglenook Sidings. Nzeru ya amuna awiriwa inali imodzi: anafupikitsa dala nthambi za njanji, kuti wosewera asathe kucita kanthu asanaganize. Ife tidzatsata cikonzero ca Alan Wright pakuti ndico capafupi, ndipo tidzacimanga ndi zinthu zopezeka pa sukulu ndi pa mudzi, popanda magetsi.

Cikonzeroco ndi ici. Pali nthambi zitatu zotsekedwa kumapeto. Yaitali imalowa ngolo zisanu, ndipo ziwiri zazifupi zimalowa ngolo zitatu iri yonse. Zonse zitatu zimakomana pa njanji imodzi yaifupi, imene tidzaicha khosi. Khosi limalowa injini ndi ngolo zitatu basi. Ngolo zonse pa bwalo ziripo 8. Sungani manambala amenewa m'mutu, 5, 3, 3 ndi 3, pakuti pa iwo ndi pamene pagona masewera onse.

Zofunika kusonkhanitsa

Funani thabwa losalala la mita imodzi m'litali ndi masentimita 30 m'lifupi. Thabwa likasowa, matani pamodzi makatoni awiri olimba. Sonkhanitsani mabokosi a macisa opanda kanthu 12, onse a msinkhu umodzi. Mudzafunanso nsungwi zong'amba, waya wofewa, misomali iwiri yaing'ono, guluu kapena phala la ufa wa cinangwa, rula, pensulo, kandulo, zitini zakale, makala ndi timiyala toyera. Aphunzitsi, nchito ya mpeni ikhale yanu. Ng'ambani nsungwi zikhale timizere ta theka la sentimita m'kunenepa, ndipo muzipale kuti pasakhale zobaya.

Yambani ndi ngolo

Mmisiri wofulumira amayamba ndi njanji, napeza pambuyo pace kuti ngolo sizikwana. Inu yambani ndi ngolo, cifukwa ngolo ndiyo muyeso wa zonse.

Sololani kabati ka m'kati mwa bokosi la macisa. Cikuto cakunja cidzakhala tsinde la ngolo, ndipo kabati kaja mukamate pamwamba pace, kukamwa kuli kumwamba. Mwapanga ngolo yosabvundikira, yonga imene imanyamula malasha ndi miyala. Pofuna ngolo yobvundikira, yonyamula matumba oopa mvula, matani denga la pepala lolimba lopindika pang'ono. M'kati mwa tsinde ikani dongo lofanana m'ngolo zonse, kuti zilemere ndi kuleka kudumpha pokankhidwa. Jambulani magudumu m'mbali, ndipo lembani nambala yaikuru pa ngolo iri yonse, kuyambira 1 kufikira 8.

Zolumikizira za ngolo zenizeni za kuno zimagwirana ngati manja awiri okolana zala. Zathu zidzakhala za waya: kambedza ku mapeto amodzi ndi kamphete ku mapeto ena. Cenjerani apa. Ngolo zonse ziyang'ane mbali imodzi, kamphete kuloza ku khosi ndi kambedza kuloza kumapeto kwa nthambi, pakuti pa bwalo lino palibe potembenuzira ngolo. Kambedza kakhale kotakasuka, kuti pokankha ngolo zigundane zokha popanda kupinda waya.

Injini ipangeni ndi bokosi limodzi pansi, ndi lina lodulidwa pamwamba kukhala kanyumba ka woyendetsa. Injini za shanting'i zimakhala zazifupi, cotero yanunso ilingane ndi ngolo imodzi m'litali. Iikeni kambedza ku mbali yoloza ku nthambi.

Tsopano lumikizani ngolo zitatu, muzikoke kuti waya awongoke, ndipo mupime. Bokosi la macisa limatalika pafupifupi masentimita 5, ndipo pamodzi ndi columikizira ngolo imodzi idzatenga masentimita 6. Ngati ziri tero, nthambi yaitali ifuna masentimita 30, zazifupi masentimita 18 iri yonse, ndipo khosi masentimita 24. Mabokosi anu akasiyana ndi amenewa, werengani mwa inu nokha: utali wa ngolo imodzi kucurukitsa ndi 5, ndi 3, ndi 4.

Kujambula ndi kumata njanji

Ngolo zathu ziribe magudumu ozungulira. Zidzatsetsereka pakati pa timizere tiwiri ta nsungwi, monga madzi ayendera mu ngalande. Pakati pa timizereti siyani masentimita 4, ndiko kuti theka la sentimita kuposa kufupika kwa bokosi. Pokhota onjezani theka lina, kuti ngodya za bokosi zisakodwe.

Musamate kanthu musanajambule. Ikani thabwa mopingasa patsogolo panu. Lembani mzere woongoka kucokera kumanzere kufikira kumanja, masentimita 5 kucokera m'mphepete mwa kufupi ndi inu. Mbali ya kumanzere ya mzerewu ndiyo khosi, ya kumanja ndiyo nthambi yaitali. Pothera khosi ikani cizindikiro ca mphambano yoyamba. Kucokera pamenepo lembani mzere wopatuka kunka kumbuyo kwa thabwa, wopendekeka pang'onopang'ono: pa masentimita 4 ali onse opita kutsogolo, upatuke sentimita imodzi. Mukapendeketsa kwambiri ngolo zidzakana kukhota. Mutayenda masentimita 24 pa mzere wopatukawu, ikani mphambano yaciwiri. Apa nthambi ya pakati iongoke ndi kuyenda m'mbali mwa yaitali ija, pamene ya kumbuyo ipitirire monga inayambira.

Mukakhutira ndi cithunzico, lembani timizere topingasa ta mitanda ya njanji, kenaka matani nsungwi mbali zonse ziwiri za mzere uli wonse. Zikauma, pakani kandulo pakati kuti ngolo ziziterereka.

Lilime la mphambano lipangeni ndi kansungwi koongoka ka masentimita pafupifupi 16. Likhomeni ndi msomali umodzi pa mphanda, pamene nsungwi za m'kati za njira ziwirizo zikomana, ndipo nsonga yace iloze ku khosi. Msomali usalimbe kwambiri. Mukakankhira nsonga kumbuyo, lilime litseka nthambi yopatuka ndipo ngolo ipita moongoka. Mukaikokera kwa inu, litseka njira yoongoka ndipo ngolo ipatuka. Palani nsongayo ikhale yopyapyala, kuti igone bwino pa nsungwi inzace.

Kwatsala cinthu cimodzi cimene ambiri amaciiwala. Pafupi ndi mphambano njira ziwiri zimayandikana, ndipo ngolo yoima pamenepo ingagundidwe ndi inzace yodutsa. Imikani ngolo pa nthambi imodzi, dutsitsani ina pa nthambi yoyandikana nayo, ndipo musendeze yoimayo kufikira zitaleka kukhudzana. Lembani kamzere koyera pamenepo. Pa njanji zenizeni napo amaika cizindikiro cotere. Utali wa nthambi muupime kuyambira pa kamzere koyera, ndipo utali wa khosi muupime kuyambira pa nsonga ya lilime. Pothera muyeso matani kacipika kotseka njira. Thabwa lingatsale, koma musaonjeze ngakhale sentimita imodzi. Nthambi ikatalika kuposa muyeso wace, masewera afa.

Fakitale yathu

Bwalo lopanda fakitale liribe cifukwa cosendezera ngolo. Tiyeni titenge citsanzo ca fakitale ya simenti, monga ya ku Chilanga, kum'mwera kwa Lusaka, imene inayamba kupanga simenti mu 1951. Simenti amaipanga ndi mwala wa laimu ndi dongo. Amazipera, naziocha m'ng'anjo yaitali yozungulira pa moto wofika madigri 1,450, ndipo zoturukamo amaziperanso pamodzi ndi mwala wina wochedwa jipisamu. Moto wotere umadya malasha ambiri, monga amene amakumbidwa ku Maamba, ku cigawo ca kum'mwera. Mwaona tsono kuti m'fakitale mumalowa zinthu zolemera, ndipo mumaturuka zolemeranso. Katundu wotere ndiye woyenera njanji.

Gawani ngolo zanu motere: ziwiri za malasha, ziwiri za mwala wa laimu, imodzi ya jipisamu, ndi zitatu zobvundikira za matumba a simenti. Makala ophwanya adzakhala malasha, timiyala toyera tidzakhala laimu, ndipo coko cophwanya cidzakhala jipisamu. Nthambi ya kumbuyo ikhale yotsitsirapo malasha ndi miyala. Ya pakati ikhale yopakirirapo matumba. Yaitali ndiyo yonyamukirapo sitima.

Nyumba zonse ziime kumbuyo kwa thabwa, kuti zisachinge manja a osewera. Zitini ziwiri zoimirira zidzakhala nkhokwe za simenti. Pepala lolimba lokulunga, logonekedwa mopendekeka pang'ono, lidzakhala ng'anjo, ndipo lina loimirira lidzakhala cumuni. Khungu la m'kati mwa katoni, lija la mizeremizere, limafanana ndi malata. Potsiriza wazani phulusa pa guluu wosauma, pakuti pa fakitale ya simenti zonse zimayera ndi fumbi.

Ngati kwanu kuli nchito ina, mangani imeneyo. Ana a ku Migodi angamange posungunulira mkuwa, a ku Mazabuka fakitale ya shuga, a ku Chipata nyumba yosungiramo cimanga, fodya ndi thonje. Njanji ikhala yomweyo, katundu yekha ndiye asintha.

Malamulo a masewera

Ikani ngolo zisanu pa nthambi yaitali ndi zitatu pa nthambi ya pakati. Ya kumbuyo ikhale yopanda kanthu, ndipo injini iime pa khosi. Lembani manambala 1 kufikira 8 pa zitsekero za mabotolo, muziike m'citini. Mwana mmodzi atsinzine ndi kutola zitsekero zisanu, cimodzicimodzi. Umenewo ndiwo mndandanda wa sitima ya lero. Nambala yoyamba kutoledwa ndiyo ngolo yogundana ndi injini, ndipo yacisanu ndiyo ya kumcira. Sitimayo ikonzedwe pa nthambi yaitali.

Malamulo ndi atatu. Loyamba, dzanja ligwire injini, malilime ndi zolumikizira zokha. Ngolo isanyamulidwe, ndipo isakankhidwe ndi cala. Laciwiri, pa khosi pasalowe ngolo zoposa zitatu. Lacitatu, ngolo isasiyidwe kunja kwa kamzere koyera. Ulendo uli wonse wa injini, kupita kapena kubwerera, uwerengedwe.

Tiyeni tiyese pamodzi. Pa nthambi yaitali pali ngolo 1, 2, 3, 4 ndi 5, ndipo 1 ndiyo iri pafupi ndi mphambano. Pa nthambi ya pakati pali 6, 7 ndi 8, ndipo 6 ndiyo iri pafupi. M'citini mwaturuka 6, 1, 2, 4, 5. Yang'anani kumcira poyamba, pakuti ngolo yotsiriza pa mndandanda ndiyo iyenera kuyamba kulowa. Mwai ulipo: 5 ndi 4 ziri kale pa malo ace. Yosafunika ndi 3, ndipo 6 iyenera kubwera kutsogolo.

Mwana wacangu adzati, "Nditenge 6 poyamba, ndikakole 1, 2 ndi 3, ndikataye 3 kumbuyo." Tawerengani: 6, 1, 2, 3 ndi ngolo zinai, ndipo khosi likana. Njira yobvomerezeka ndi iyi. Injini ilowe pa nthambi yaitali ndi kukola 1, 2 ndi 3. Ibwerere nazo ku khosi. Izikankhire ku nthambi ya kumbuyo ndi kumasula 3. Ibwerere ndi 1 ndi 2. Izikankhire pa nthambi yaitali kuti zikole 4. Ibwerere yokha. Ilowe pa nthambi ya pakati ndi kukola 6. Ibwerere nayo. Iikankhire pa nthambi yaitali kuti ikole 1. Sitima yakonzeka ndi maulendo 9. Iripo njira inanso ya maulendo 9, imene iyamba ndi kusiya 1, 2 ndi 3 zonse pa nthambi ya kumbuyo. Imeneyo muipeze nokha.

Mndandanda umenewu unali wapafupi. Ina idzakuzunguzani mutu, makamaka ngolo yofunika kumcira ikakhala pakati pa zinzace. Nthawi zina nthambi zazifupi zonse zidzadzaza, ndipo ngolo ina idzasowa pogona, niyenda ndi injini uku ndi uku kufikira malo atapezeka. Pamenepo musathamangire kugwira injini. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pindani manja, yendetsani ngolo m'mutu poyamba, ndipo mukaona mapeto a njira, ndiye muyambe.

Kodi masewerawa angathe msanga? Tiyeni tiwerenge. Potola citsekero coyamba pali manambala 8 oti aturuke, pa caciwiri 7, pa cacitatu 6, pa cacinai 5, pa cacisanu 4. Curukitsani 8 ndi 7 ndi 6 ndi 5 ndi 4, mudzapeza 6,720. Mutati muzikonza sitima imodzi tsiku liri lonse osapumula, zaka 18 zidzatha musanamalize mindandanda yonse.

Mau kwa aphunzitsi

Thabwa limodzi likwanira ana anai pa nthawi imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mmodzi ayendetse injini, wina asinthe malilime, wina akole ndi kumasula ngolo, ndipo wacinai alembe maulendo pa bolodi. Woyendetsa asasendeze injini kufikira wokola ngolo atakweza dzanja. Ndi mmene zimakhalira pa bwalo lenileni, kumene woyendetsa amadikira cizindikiro ca mnzace woima pansi, ca dzanja, ca mbendera kapena ca nyali usiku. Magulu awiri angapikisane pa mndandanda umodzi, ndipo lopambana likhale la maulendo ocepa, osati lofulumira. Kwa ana a magiredi a pansi cepetsani ngolo zikhale zisanu ndi sitima ya ngolo zitatu. A magiredi a pamwamba alembe maulendo ao m'kope asanagwire injini, kenaka ayese ngati zolembazo ziri zoona.

Cenjezo

Ana inu, kangolo ka macisa mungakaimitse ndi cala. Ngolo yeniyeni yodzaza imalemera matani makumi angapo, imayenda mwakacetecete pokankhidwa, ndipo woyendetsa ali kutali kumbuyo sangakuoneni. Musasewere pa njanji. Musakwawe pansi pa ngolo zoima kapena kudutsa pakati pace, ngakhale zioneke ngati zagona kwa masiku ambiri. Musaike mwala kapena citsulo pa njanji, ndipo musakhudze mapointi. Ofuna kuona sitima pafupi apemphe aphunzitsi awaperekeze. A kufupi ndi Livingstone ali ndi mwai, pakuti kumeneko kuli nyumba yosungiramo injini zakale za malasha.

Sabata ino sonkhanitsani mabokosi a macisa, mupange ngolo 8 ndi injini, ndipo mupime utali wa ngolo zitatu zolumikizana. Muyesowo muulembe pa bolodi, pakuti ndi umene mudzajambulire njanji yanu.